Mlamba wa Amfumu

Padangokhala, kumapiri a Mafinga, kumtunda kwa Chisenga m'boma la Chitipa, kudali mudzi wa nyama. Mapiri amenewa ndi aatali, nsonga zake zimapitirira mamita 2,300, ndipo malire a Malawi ndi Zambia amayenda pamsana pake. Mvula ikagwa pamenepo imagawikana. Yotsetsereka kumadzulo imakayambitsa mtsinje wa Luangwa n'kukathira mu Zambezi, yotsetsereka kum'mawa imatsata timitsinje mpaka kunyanja ya Malawi. Nyamazo zinkamwa padziwe lalikulu la kunsi kwa nkhalango, pomwe kamtsinje kotsika m'mathanthwe kankafika n'kudekha m'dambo la matope akuda.

Mfumu yawo idali Nyalugwe, ndipo malinga ndi mwambo wa kumeneko ankatchulidwa kuti Mwene. Pa malamulo ake onse, limodzi ndilo silinkaseweredwa: mlamba uliwonse waukulu wogwidwa padziwepo ndi mtulo wa kwa Mwene. Matemba, nkhanu ndi timilamba ting'onoting'ono zidali za nyama wamba. Asodzi adali Katumbu ndi mkazi wake, ndipo wonyamula mtulo adali Fisi, nduna yaikulu, yemwe kwa zaka zambiri ankasenza mlamba wonona paphewa akungomeza malovu.

Chaka china, mvula itangotha, Kalulu adabwera kuchokera ku Chunya m'dziko la Tanzania, komwe anthu akhala akukumba golide kuyambira kale. Adadzera ku Ileje, n'kuwoloka Songwe, ndipo adafika pabwalo akukoka kathumba. M'kathumbamo mudali kabotolo kosaposa chikhatho. Nyani adati akanyamule ndi zala ziwiri, koma kadakana kudzuka.

"Muli chiyani umu, miyala?" adafunsa Nyani.

"Muli madzi, achimwene," adatero Kalulu, "koma madzi ake lita imodzi imalemera kuposa makilogalamu 13."

Adadontheza pang'ono patsamba la nthochi. Nyama zonse zidasendera. Kadontho konyezimira kadagubuduka patsambapo osalinyowetsa. Kalulu adakagwaza ndi kamtengo, kadamwazika n'kukhala timadontho tambirimbiri, ndipo atapendeketsa tsambalo timadonthoto tidathamangirana n'kukhalanso kamodzi. Ana a Pusi adakuwa ndi chimwemwe.

Kalulu adagwada n'kuwomba m'manja. "Mwene, Gogo Chalo, mwakhalira chuma osadziwa. Anthu ku Makanjira ndi ku Lisungwe akutola golide m'mitsinje, ndipo kuyambira 2021 ngakhale Reserve Bank ikugula. Wanu ali mumchenga uwu, koma ndi wosalala kwambiri, maso sangamutole. Mankhwala awa, dzina lake mercury, ndiwo amamugwira. Ine ndizibweretsa mankhwala, anyamata anu azikumba, golide tizigawana."

Fulu, yemwe adali wamkulu kuposa onse pamudzipo, adatulutsa mutu. "Nanga akatha kugwira golideyo, mankhwalawo amapita kuti, mwana wanga?"

"Amatha, agogo."

"Chinthu cholemera chotere chingathe bwanji?"

Nyama zidaseka, ndipo Mwene adagwedeza mchira kusonyeza kuti nkhani yatha.

Ntchito idayamba kumtunda kwa dziwe. Nguluwe ndi Nungu ankakumba gombe, anyani ankasinja miyala ndi kutsuka mchenga m'mabeseni, uku akuimba:

Tsuka, tsuka mchenga,
golide ali pansi,
wagona n'chisanu lero,
mawa agula bulangete.

Mchenga wakuda ukatsalira pansi pa beseni, Kalulu ankathiramo mercury, Nyani n'kumatikita ndi manja kwa nthawi yaitali mpaka tifumbi ta golide titamatirira. Kenako ankakhuthulira m'kansalu n'kufinya. Mercury wina ankadontha kubwerera m'botolo, wina ankatsalira m'matope otayidwa m'madzi, ndipo m'kansalumo munkatsala kachibulumwa kotuwa, kofewa, theka golide theka mercury. Kachibulumwako kankaikidwa pa supuni, supuniyo pa makala a moto. Posakhalitsa kutuwa kunkachoka, n'kutsala kagolide kachikasu kobookabooka.

Mwene ataona kagolide koyamba mtima udamudumpha, ndipo nthawi yomweyo adayamba kukayikira aliyense. Adalamula kuti kuwotcha kuzichitikira m'phanga mwake, iye yekha atagwira supuni, pakhomo patatsekedwa ndi mwala. Adaitana Kalulu kuti azilowa naye, koma Kalulu adakana mwaulemu. "Pepani Mwene, mlendo saona golide wa mfumu akubadwa. Ine ndizidikira panja." Ndipo ankadikira patali ndithu, mbali yomwe mphepo ikuchokera.

Fulu adabweranso kudzadandaula za matope otayidwa m'kamtsinje. Kalulu adati mankhwalawo ndi olemera, amamira n'kugona pansi osavutitsa munthu. Pofuna kutseka pakamwa pa nkhalambayo, adauza anyani kuti matope ena azikawataya kuseri kwa phiri, kumbali ya Luangwa. "Kumeneko n'kwa eni ake," adatero, ndipo nyama zidaona kuti wayankhula zanzeru.

Tsono mercury satha. Saola, sapsa, sasanduka dothi. Amangosamuka. Wa pa supuni uja ankasanduka nthunzi yopanda fungo, yopanda mtundu. Ina Mwene ankaipuma, ndipo nthunzi yotere ikalowa m'mapapo, magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse amatsalira m'thupi n'kukafika kubongo. Yotsala inkatuluka m'ming'alu ya phanga. Ina inkakwera kumwamba, komwe imatha kuyenda ndi mphepo miyezi yambiri, ngakhale chaka, n'kukagwera kumaiko omwe sadamvepo za Mafinga. Ina inkamwedwa ndi masamba a m'nkhalango, masambawo n'kuyoyoka n'kuolera m'nthaka. Moto wa tchire ukadutsa mu Okutobala unkaidzutsanso, mvula ya Disembala n'kuitsitsa, madzi othamanga n'kuikokolera kudambo, komwe inkakumana ndi mnzake uja wa m'matope a mabeseni. Wotayidwa kwa eni ake adatsika ndi Luangwa kukadwalitsa osalakwa, koma mphepo ya kumadzulo sidaleke kubweza fumbi lake.

Pansi pa dambo ndi pomwe padachitika choopsa chenicheni, mwakachetechete. M'matope akuda, mopanda mpweya wabwino, mumakhala mabakiteriya omwe akakumana ndi mercury amamusandutsa methylmercury. Ameneyu ndiye amalowa m'zamoyo n'kukakamira m'mnofu. Adalowa mu ndere. Tizilombo ta m'madzi tidadya ndere, ana a tombolombo adadya tizilomboto, matemba adadya onsewo. Temba limodzi silidatenge wambiri. Koma mlamba umadya matemba osawerengeka pa moyo wake, ndipo mercury wa temba lililonse umamusunga, pakuti amalowa msanga koma amatuluka mochedwa kwambiri. Madzi a padziwe adakhalabe oyera, okoma. Milamba idanonabe.

Padapita mvula zingapo. Mabulangete adagulidwa ndithu, ndipo tisaname, mabanja ena omwe ankagona ndi njala adayamba kudya kawiri patsiku. Ichi ndicho chimachititsa nkhani ya golide kukhala yovuta, chifukwa wokumbayo si chitsiru, ndi mmphawi wofuna kudyetsa ana.

Woyamba kulira adali Kakowa: mazira ake adasukusa zaka ziwiri zotsatizana. Kenako mkazi wa Katumbu adabereka ana atatu. Awiri adakula bwino pang'ono, koma wachitatu miyendo idali yolobodoka, sankatha kusambira, ndipo mayi ake akamuitana ankangoyang'ana kumbali. Manja a Nyani wotikita uja adayamba kunjenjemera moti chikho cha madzi chinkafika pakamwa chitatayika theka.

Koma wodwala kuposa onse adali Mwene. Nkhama zidatupa, tulo tidathawa, ukali udakula moti ankabangulira ngakhale tsamba logwa. Milomo ndi zikhatho zidachita dzanzi. Maso ankaona za kutsogolo zokha, za m'mbali ayi, ndipo nyalugwe yemwe kale ankayenda panthambi usiku osagwedeza tsamba adayamba kudzandira pabwalo masana. Polankhula lilime linkalemera. Fisi adaitana Nanzikambe kuti aombeze ula, ndipo ula udagwera Kadzidzi, chifukwa choti ankalira usiku pafupi ndi phanga. Adamugwetsera chisa n'kumupirikitsa pamudzi pamodzi ndi ana ake. Mbali iyi imandiwawa nthawi zonse, pakuti ndi mmene zimakhalira kwathu kuno: matenda akasowa dzina, timasaka nkhalamba yopanda woiteteza.

Mu Seputembala Namzeze adabwerera. Ndi wa mtundu uja umaswera m'maudzu a kumapiri a kumpoto kuno, koma nyengo yozizira umakakhala kufupi ndi nyanja ya Victoria. Ataona manja a Nyani adapita kwa Fulu. "Agogo, kunjenjemera uku ndidakuonapo ku Geita, pa anthu owotcha golide. Ena kumeneko amawotchera m'kachipangizo ka mapaipi kotchedwa retort. Nthunzi siithawa, imazizira m'paipimo n'kudontha, mankhwala omwewo n'kugwiranso ntchito. Enanso amatsuka mchenga mosamala osathira mankhwala n'komwe. Kalulu sangakuuzeni zimenezi, chifukwa botolo likamachedwa kutha iye adya chiyani? Koma za kudzandira kwa Mwene ndi za mwana wa Katumbu, kafunseni Mphaka wa ku Chisenga. Amagona pansi pa wailesi, ndipo nkhaniyi ndi ya maliro a mtundu wake."

Fulu adatsika phiri, n'kukwera nalo limodzi ndi Mphaka. Atafika pakhomo la phanga adapeza Fisi atakhala.

"Mwene sakuonana ndi aliyense," adatero Fisi. "Nenani kwa ine, ndine makutu awo."

Mphaka adakhala pansi n'kukulunga mchira. "Anduna, kutali ku Japan kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Minamata. Kudali fakitale ya kampani ya Chisso, yomwe kuyambira 1932 inkataya madzi okhala ndi mercury m'nyanja. Oyamba kudwala tidali ife amphaka, odya zotsala za nsomba. Abale anga ankazungulira, kugwa, kudzuka, ena kudziponya m'madzi, mpaka anthu adati amphaka akuvina. Akhwangwala ankagwa kuchokera m'mwamba. Pa 1 Meyi 1956 dokotala wa chipatala cha fakitaleyo, Hajime Hosokawa, adakanena kuboma kuti kwabuka matenda achilendo pakati pa anthu. Mu 1959 adathira madzi a fakitale m'chakudya cha amphaka, ndipo mphaka wa nambala 400 adadwala matenda omwewo. Akuluakulu a kampani atamva adabisa zotsatirazo, ndipo kutaya kudapitirira mpaka 1968. Anthu oposa 2,000 adavomerezedwa ndi boma kuti adadwala, ndipo ambiri adamwalira. Kudabadwa ana opuwala kwa amayi ooneka athanzi, chifukwa poizoniyu amadutsa m'mimba n'kukakhala mwa mwana."

"Zakale zimenezo, ndiponso za kutali," adatero Fisi.

"Si zakale. Bungwe la United Nations lidawerengera kuti mu 2015 anthu adatulutsira mumlengalenga matani pafupifupi 2,220 a mercury, ndipo magawo pafupifupi 38 pa 100 alionse adachokera kwa okumba golide ang'onoang'ono, owotcha pa supuni monga muno. Maiko adapangana pangano mu 2013, adalitcha dzina la Minamata, lidayamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo Malawi ndi Zambia onse alimo. Koma pangano silingakwere lokha phiri lino."

Fisi adakhala chete kanthawi, kenako adasendera pafupi. Mafunso ake adali a nyama yomvetsera bwino.

"Ndiye kuti nsomba zonse za padziwe ndi zoipa?"

"Sizifanana. Nsomba ndi chakudya chabwino, ana amakula nacho, musaiwale zimenezo. Koma poizoniyu amayenda ngati mtulo, kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, ndipo amaunjikana kwa wokhala pamwamba. Temba ali ndi wochepa. Mlamba waukulu, wokalamba, wodya nsomba zinzake, ndiwo uli ndi wochuluka."

"Ukauwamba pamoto? Ukauyanika?"

"Sachoka. Ali m'mnofu mwenimwenimo."

"Nanga matemba a kumtunda, kusanafike pokumba paja?"

"Amenewo ndiwo abwinoko kuposa onse."

"Ndipo woopsezedwa kwambiri ndani?"

"Mayi woyembekezera, woyamwitsa, ndi mwana wamng'ono. Awa asayandikire mlamba waukulu wa padziwe lino. Mwene aleke kuudya lero lomwe, aleke kuwotcha m'phanga, ndipo kukumba ndi mankhwala kuime."

"Ndamva, ndipo zikomo," adatero Fisi. "Koma nkhani iyi ndi yaikulu. Ikamveka mwachisawawa mudzi ubalalika. Isiyeni m'manja mwanga."

Mphaka adamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa mawu otere mtundu wake udawamvapo. Koma adali mlendo, ndipo Fisi adamupatsa ankhandwe awiri omuperekeza mpaka ku Chisenga, ati kuopa zoopsa za m'njira. Namzeze adali kalikiliki ndi chisa chake kutali m'maudzu. Kudatsala Fulu.

"Agogo," adatero Fisi, "abale athu a kutsidya, a ku Luangwa, tidawatayira matope. Ayenera kuchenjezedwa, ndipo uthenga wolemera chotere sungatumidwe mwana. Pitani inuyo."

Fulu adadziwa kuti ulendowo umutengera miyezi. Adadziwanso kuti a kutsidyawo akumwa ndi kudya osadziwa kanthu, ndipo palibe wina angapite. Adanyamuka.

Kuyambira tsiku limenelo Fisi adasanduka nduna yachangu kuposa kale. Ankadzuka mbandakucha kukasankha yekha mlamba waukulu kuposa yonse, ndipo Mwene akakana kudya ankamunyengerera. "Idyani, Gogo Chalo, mupeze mphamvu." Ankamukolezera makala, kumupatsa supuni m'dzanja lonjenjemeralo, n'kutseka bwino mwala wa pakhomo iye ali kunja. Mvula isanathe, Mwene Nyalugwe adamwalira. Fisi adalira kuposa onse pamaliropo, ndipo akuluakulu posowa wina wodziwa za ufumu adamulonga iyeyo.

Tsiku lolongedwa adaimirira pabwalo, Kalulu atakhala pambali pake.

"Abale anga, malemu adatisunga, koma adali ndi dzanja lolemera. Ine ndakulira pakati panu, njala ndimaidziwa. Lero ndikusintha zinthu ziwiri. Choyamba, ine sindikayikira anthu anga. Golide sadzawotchedwanso kwa mfumu. Aliyense aziwotchera m'nyumba mwake, pamaso pa mkazi wake ndi ana ake, azingobweretsa gawo la mfumu."

Anyani adawomba m'manja.

"Chachiwiri, mtulo wa mlamba watha. N'chifukwa chiyani mfumu izidya zonona pomwe amasiye akutafuna minga? Kuyambira lero mlamba waukulu ndi wa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana. Ine ndizidya matemba, ndiponso sindifuna kupikisana nanu padziwe lanu. Anyamata azikandigwirira kumtunda uko, kumathanthwe."

Nthungululu idamveka mpaka ku Chisenga. Nyama zakale zidati chiyambire sizidaonepo mfumu yodzichepetsa chotere.

Fulu adabwerera pa tsiku la chikondwerero cha masika, m'mene milamba inkagawidwa pabwalo. Adaona mzere wa amayi, ndipo kutsogolo kwake kudali mkazi wa Katumbu, ali ndi pakati pena, kamwana kolobodoka kaja kali kumsana. Nkhalambayo idalowa pakati pa bwalo osapempha mwayi wolankhula, n'kufotokoza zonse: za nthunzi, za matope, za amphaka a ku Minamata, za mafunso omwe Fisi adafunsa pakhomo la phanga ndi mayankho omwe adalandira.

Bwalo lidati zii. Kenako Kalulu adaseka. "Madziwa si awa tikumwa, oyera mbee? Mlambawu si uwu, wonona? Agogowa akufuna amphawi abwerere ku minga."

"Nsanje!" adakuwa wina kumbuyo. "Nthawi ya malemu ankangokhala chete, lero ife tayamba kudya ndiye ayambe kulankhula?"

Phokoso lidakula. Mkazi wa Katumbu yekha ndiye sadanene kanthu. Adayang'ana mlamba uli m'manja mwake, adatembenuka kuyang'ana mwana wa kumsana, n'kuuika pansi mlambawo. Usiku womwewo iye ndi banja lake adasamukira kumtunda kwa mathanthwe, ndipo amayi ena awiri adawatsatira. Otsala adatola mlamba uja n'kugawana.

Fisi adakweza dzanja kuti bwalo likhale chete, ndipo adalankhula mofatsa.

"Musawanyoze agogo athu. Ayenda ulendo wautali chifukwa cha mudzi uno, atopa, ndipo njala imalankhulitsa zambiri. Mlandu ndi wanga, ndidawaiwala pogawa. Kuyambira mawa, mlamba waukulu kuposa yonse uzipita kwa agogo Fulu tsiku lililonse. Ndipo kuti wina asadzanene kuti nduna zanga zikuwabera m'njira, azidyera pompano pabwalo, tonse tikuona."